Tsache la Azakhali Ako Latsala Kuno

Biwi, Lachisanu m'mawa

Tiyamike mwana wanga,

Ndakhala patebulo pako, pampando wako uja wogwedera mwendo, pa nthawi yako yowerengera. Kunja sikunayere. Iwe uli m'tulo m'chipinda pamodzi ndi anzako okuperekeza, ndipo lero sindikudzutsa, chifukwa mawa ndi ukwati wako. Pabwalo sindinasese. Masamba a mango ali mbwee kuyambira pakhonde mpaka pampopi, ndipo m'nyumba muno mwadzaza alendo amene aona zimenezi akangodzuka. Aone. Ndili ndi mawu amene ndinalephera kuwanena pakamwa. Ukundidziwa mayi ako: pagulu lilime limandilemera, yankho limandifikira ndili kale mu minibasi yobwerera kunyumba. N'chifukwa chake ndalemba.

Nkhani yanga ndi imodzi. Mawa ukulowa m'banja ndi Limbani, ndipo mukakhala ku Area 25, m'kanyumba kakuseri kwa nyumba ya makolo ake. Mu Disembala uli ndi mayeso a akaunti, mapepala awiri otsiriza, la misonkho ndi la oditi lija linakugwetsa mu Juni. Chiyambire maphunziro amenewa wakhala ukudzuka folo koloko, kukhala pamabuku maola awiri, kenako kusamba ndi kuthamangira minibasi ya kuntchito. Maola awiri amenewo ndiwo akufikitsa pamene ulipa. Ndikukulembera kuti usawapereke kwa munthu aliyense. Usawapereke kwa apongozi ako, kwa amuna ako, kwa mpingo, ngakhale kwa ine.

Ukukumbukira Loweruka lija pa shawa yako, amayi atadzaza holo ya tchalitchi kudzakulangiza. Azakhali ako aNabanda anaimirira ndi tsache latsopano lomangidwa riboni yofiira.

"Mwanawe, gwada ulandire digiri yeniyeni," anatero. Nthungululu zitatha anapitiriza. "Tambala asanalire kachiwiri, ichi chizimveka pabwalo. Apongozi ako azidzutsidwa ndi tsache, osati wayilesi. Madzi a bambo azikhala atafunda. Za mabukuzo tamva, tikuyamika. Koma kodi Limbani azikasamba kalikuleta?"

Holo yonse inafa ndi phwete. Wina kumbuyo anakuwa kuti, "Auzeni, anamkungwi! Masamba a mango sadziwa Chizungu!"

Inenso ndinaseka nawo. Iwe unali chogwada, tsache lili m'manja, ndipo unatembenuka pang'ono n'kundiyang'ana. Atandipatsa maikolofoni kuti mayi wa mwana alankhulepo, ndinati, "Ndilibe zambiri, azakhali anena zonse." Anandiwombera m'manja. Azakhali ako sananene zonse, Tiya. Zotsalazo ndi izi.

Inenso ndinalandira tsache lotere. Ndinali nditangotuluka ku yunivesite, nditapeza ntchito mu ofesi ya akaunti m'boma, ndipo ndinali nditalembetsa mayeso onga akowa. Ine ndi bambo ako tinayambira banja ku Kawale, m'nyumba imodzi ndi malemu agogo ako, mayi awo. M'mawa woyamba ndinadzuka mdima ulipo, ndinatsegula buku, kenako ndinamva agogo ako akutsokomola kuchipinda kwawo. Sanandiitane. Anangotsokomola. Ndinatseka buku n'kutenga tsache, ndikudziuza kuti ndichita sabata imodzi yokha kuti andizolowere. Sabatayo isanathe ndinawamva pampopi akuuza anzawo kuti, "Mpongozi wangayu anapita ku yunivesite, koma kaoneni pabwalo pake, mutha kudyerapo." Mawu amenewo anandikomera kuposa digiri yanga. Masiku amenewo anthu ankati mkazi wophunzira ndi wonyada, sagwada, sadziwa mtondo, ndipo ine ndinafunitsitsa kuwaonetsa kuti akunama. Ndinawaonetsadi. Mvetsa bwino pamenepa, mwana wanga: palibe amene anandiletsa kuwerenga. Bambo ako ndi amene anandigulira kalikuleta yoyamba. Chimene chinandichotsa pabuku sichinali chipongwe, chinali chiyamikiro. Chipongwe umachiona chikubwera n'kulimba mtima. Chiyamikiro umachitsegulira wekha chitseko.

Kenako ndinayesa nzeru ina. Ndinati ndizisesa madzulo ndikaweruka, kuti m'mawa ukhale wanga. Ndinangosesa kagawo kakang'ono, dzuwa litalowa kumene, agogo ako n'kutulukira pakhomo chitenje chili m'manja.

"Mayi, mwatani? Kwafa munthu?"

"Ayi, amayi, ndimati ndipungule ntchito ya mawa."

"Ntchito ya mawa ndi ya mawa. Mukufuna mutisesere mwayi wonse kunja? Pakhomo pano sitisesa usiku."

Ndinagwada n'kupepesa. Tsache linabwerera m'mawa, buku ndi limene linasamukira madzulo. Taona zimenezo, Tiya. Zinthu ziwiri zikamalimbirana malo amodzi, chimene chimasunthidwa ndi chimene sichilankhula. Tsache lili ndi olilankhulira ambiri: apongozi, azakhali, anansi, amayi a mpingo. Buku lilibe pakamwa. Ukapanda kulilankhulira iwe, palibe wina. Ndipo madzulo a m'tauni muno ukuwadziwa. Ukafika nthawi yatha, uphike, utsuke mbale, wina agogode kudzapempha moto, wina abwere kudzacheza ndipo mlendo sapirikitsidwa. Pofika patebulo maso anali atalemera. Kangati ndinadzidzimuka tsaya lili patsamba lomwelo limene ndinatsegula dzulo lake.

Nditaona kuti madzulo akanika, ndinati ndiziunjika zonse Loweruka. Ndinawerengera ngati munthu wa akaunti: timaola tating'ono ta masiku onse kuphatikiza pamodzi, ndiye tsiku limodzi lathunthu, palibe chotayika. Papepala zinkagwirizana bwino. Koma Loweruka la ku Kawale silikhala la munthu mmodzi. Likapanda maliro likhala ndi chinkhoswe, likapanda chinkhoswe likhala ndi ukwati wa mwana wa mnzako wa kwaya, ndipo kuchigayo ndi kuchapa zikudikira. Ngakhale Loweruka limene linkapezeka lopanda kanthu silinandithandize. Mutu wa munthu uli ngati munda. Mvula ya mwezi wonse ikagwa tsiku limodzi siilowa pansi, imangokokolola nthaka n'kupita nayo kumtsinje wa Lingadzi. Imene imakulitsa chimanga ndi ija yogwa pang'onopang'ono, lero, mawa, mkuja. Aliyense amene adzakuuze kuti "udzawerenga pa wikendi," ngakhale atakhala mtima wako womwe, akukunamiza.

Mayeso atayandikira ndinatenga tchuthi kuntchito, n'kuyamba kumeza mabuku usana wonse. Ndinkawerenga ngati nyuzipepala, kugwedeza mutu, kunena kuti izi ndazimva, izinso ndazimva. Sindinagwire cholembera kuti ndisove funso ndekha mpaka kumapeto, chifukwa nthawi inali itachepa. M'chipinda cha mayeso ndinatsegula pepala, ndipo funso loyamba ndinalizindikira. Linali ngati munthu amene wakumana naye pamaliro, nkhope ukuidziwa bwinobwino koma dzina lakana kubwera. Ndinadziwa mutu umene linachokera, ngakhale mbali ya tsamba pamene panali chitsanzo chake, koma dzanja langa silinadziwe poyambira. Mnyamata wa pambali panga anakweza mkono kupempha mapepala ena olembapo, ine loyamba lisanadzaze. Akaunti si nkhani yoimva, mwana wanga. Ili ngati kusoka: imakhala m'zala, ndipo zala zimaiwala msanga zikapuma.

Zotsatira zitatuluka ndinauza aliyense kuti ndidzalembanso mu Juni. Juni atafika ndinati Disembala. Kenako unabwera iwe. Usadzaganize tsiku lina lililonse kuti ndiwe unandilepheretsa. Ndinali nditasiya kale iwe usanabadwe, kungoti ndinali ndisanadziuze. Ofesi ija ndikadali momwemo. Achinyamata amene ndinawaphunzitsa kugwira ntchito atangofika, lero ndi amene amasaina zimene ine ndakonza. Ndi ana aulemu, amanditchula kuti amayi. Sindidandaula za moyo wanga. Ndakulerani, ndipo pakhomo panga anthu amapatchula bwino. Koma pabwalo paja ndinasesa ku Kawale, mwini nyumba anamangapo zipinda za lendi. Palibe ngakhale malo oti ndikakulozere kuti apa ndi pamene ndinasiya mayeso anga.

Tsopano ndikuuze chimene ndachita, usadzachimvere kwa ena. Lachiwiri lapitali sindinapite kuntchito. Ndinakwera minibasi kupita m'tauni, n'kukweranso ina ya ku Area 25, kukaonana ndi mayi ake a Limbani. Bambo ako nditawauza anagwira m'mutu.

"Mayi a Tiya, nkhani zotere zimadzera kwa ankhoswe. Mukufuna kuyambitsa nkhondo ukwati usanachitike?"

"Ankhoswe a Tiya ndi achimwene a aNabanda," ndinatero. "Nkhaniyi ikadzera kumeneko ikafika itasanduka tsache lachiwiri."

Anandiyang'ana ngati andiona koyamba, kenako anandiperekeza mpaka pasiteji.

Apongozi ako ndinawapeza akusankha nyemba pakhonde. Anandilandira bwino, anandiyalira mkeka, anandipatsa thobwa. Ndinamwa pang'onopang'ono chifukwa mawu anali atathawanso. Pabwalo pawo, Tiya, pamawala. Pali mtengo wa mapeyala waukulu, koma pansi pake sungapeze tsamba. Kapu itatha ndinalibenso pobisala, ndipo ndinanena. Ndinawauza za mayeso, za Disembala, za maola awiri a m'mawa.

Anaika lichero pansi. "Asewere, mwakwera minibasi ziwiri kudzandipempha kuti mpongozi wanga azigona mpaka dzuwa limuwombe kumaso?"

"Sagona ameneyo. Adzadzuka inu musanadzuke. Mudzaona nyali pawindo lake."

"Nyali siisesa pabwalo."

"Siisesa."

"Nanga anthu adzati chiyani? Mtengwa walowa dzulo, lero ndine ndagwira tsache, iye ali m'nyumba ndi bolopeni. Amayi a kumpingo adzandiseka mpaka Khrisimasi. Ana anga aakazi onse anasesa kumene anakwatiwa, palibe amene anathothoka manja."

"Adzanena ndithu," ndinatero. "Ine sanandinene. Akhala akundiyamikira chikwatiwire. Ndinali ndi mayeso omwewa, asewere, ndipo ndinasankha kuti anthu asandinene. Mwana wanga ndikufuna anenedwe miyezi iwiri."

Anatenganso lichero n'kupitiriza kutola timiyala m'nyemba. Kenako anati, "Tiona." Sanavomere, sanakane, ndipo sindikufuna kukunamiza kuti njira ndakulambulira. Mwina ndangokuwonjezera katundu. Mwina udzafika pakhomo paja ukutchedwa kale mwana wa mayi wovuta uja. Zimenezi zandisowetsa tulo chibwerereni. Koma pondiperekeza, titafika pamsewu, anandigwira mkono n'kufunsa kuti, "Mwati mayesowo ndi liti?" Ndinawauza. Anabwereza okha chapansipansi, "Disembala." Munthu amene watseka mtima wake safunsa tsiku. Pamenepo pali kampata, ndipo kukulitsa kampatako ndi ntchito yako.

Ukalikulitse motere. Apongozi ako ukawalemekeze ndi zonse zimene uli nazo kupatula maola awiriwo. Ukaweruka ukayambe kwa iwo kukapereka moni usanalowe kwako. Ukaphika ndiwo zabwino ukawapatulire. Loweruka ndi Lamulungu, ukatseka buku dzuwa litatuluka, ukatenge tsache lawo n'kusesa mpaka kumsewu, anansi akuone. Akadwala ukawasamalire ngati ine. Sindikukutuma kukachita mwano. Mwana wamwano sindinabereke. Koma m'mawa wa pakati pa sabata, ukamva tsache likulira panja iwe uli patebulo, mtima udzakuwawa ngati waba. Miyendo idzafuna kuimirira yokha. Ukhale pansi. Ululu umenewo ndimaudziwa, ndipo supha munthu. Umene umapweteka zaka zambiri ndi winawo.

Za madzi osamba a Limbani ukambirane naye lero lomwe, osati Lolemba m'mawa iye ataima ndi thawulo. Ndi mwana wabwino, ndamuona mmene amakunyamulira mabuku. Koma bambo akonso ndi munthu wabwino, ndipo ubwino wawo sunandilembere mayeso. Mwamuna wabwino amangolandira zimene wazolowetsa kumupatsa. Limbani wakhala yekha ku Mchesi chimalizire sukulu, ndipo sindinamve kuti ankapita kuntchito osasamba. Mbaula siifunsa ngati woyatsayo ndi mwamuna. Anzake akamuseka kuti wadyetsedwa, umuuze kuti mu Disembala woseka adzakhala iye.

Ndipo maola awiriwo akhale awiri enieni. Foni izikhala yozimitsa. Amene akufuna kukuflasha adikire kuche. Usamatsegule buku kuti ulione, uzitsegula kuti ulimbane nalo: funso la mayeso akale, cholembera m'manja, mayankho utaphimba, mpaka kumapeto, ngakhale ukuona kuti zikusokonekera. Oditi ija imakuopsa ndiyo uziyamba nayo mutu ukadali wozizira, misonkho ibwere pambuyo. Magetsi akazima usati Mulungu wandipumitsa. Makandulo ndakuikira m'chikwama chobiriwira, pansi pa nsalu za patebulo. Tsiku limene wadzuka mochedwa, ukhale patebulo ngakhale kanthawi kochepa kamene katsala. Chimene ukuteteza si masamba a buku okha ayi, ndi chizolowezi, cha iwe ndi cha anthu okuzungulira. Ukadumpha tsiku limodzi popanda chifukwa, nyumba yonse imaphunzira kuti nthawi ija ndi yopempheka. Maliro a pafupi ukapite, ndiwe munthu. Koma si maliro onse a mu Area 25 amene akusowa iwe kuti mwambo uyende.

Yamba Lolemba. Osati ukazolowera, osati alendo akapita, osati mukatha kutsegula mphatso. Ine ndinapempha sabata imodzi yokha, ndipo sabata imeneyo sinathebe mpaka lero. Chimene udzachite m'mawa woyamba ndicho pakhomo paja padzatenge ngati chikhalidwe chako.

Adzakunena, usakayike. Adzati ndiwe waulesi, wonyada, sukulu inakuwononga. Pampopi adzatsitsa mawu ukamadutsa. Wina wolimba mtima adzafunsa mokweza kuti, "Kodi ameneyu anamulera ndani?" Usakwiye, usalire, ndipo usayambe kufotokoza. Uwauze kuti ndine. Uwauze kuti ndimakhala ku Biwi, kuseri kwa magalaja, nyumba ya mtengo wa mango, ndipo ndimapezeka madzulo aliwonse. Moyo wanga wonse ndathawa pakamwa pa anthu. Tsopano ndakula, ndipo ndaona kuti pakamwa pa anthu sipanamangirepo munthu nyumba kapena kumugwetsera. Miyezi iwiri imeneyi mawu awo abwere kwa ine, ndili ndi malo owasungira.

Mwina ndikulakwa. Ndimadzifunsa ngati sindikukusenzetsa maloto anga amene ndinawataya ndekha. Ndalingalira zimenezi mokwanira, ndipo yankho ndalipeza pa tebulo lomwe lino. Sindinakudzutsepo ine kuti uwerenge. Unkadzuka wekha, mu Juni kukuzizira, utafunda bulangete mpaka kumutu, ine ndikumvera kuchipinda mpando uwu ukulira. Tsiku limene unagwa oditi unalira madzulo onse, m'mawa mwake nyali inayaka pa nthawi yake. Maloto amenewa ndi ako. Ine changa ndi kuima pakhomo kuti asalowe wowalanda.

Chotsiriza. Ukamamasula katundu wako ku Area 25 upeza mapoto onse, mbale, lichero, mipando iwiri ija ndi nsalu za kwa amayi a mpingo. Tsache la riboni yofiira sulipeza. Ndalichotsa dzulo, lili pansi pa bedi langa. Ndikudziwa kuti ku Area 25 matsache amagulitsa pangodya iliyonse, ndipo apongozi ako ali nawo okwanira, sindine wopusa. Koma lija unalilandira chogwada pamaso pa anthu, pamodzi ndi lamulo lake, ine ndili chete. Limenelo lidikire kuno. Tsiku limene udzatuluke m'chipinda cha mayeso utalemba pepala lotsiriza, udzandipeza panja nditalinyamula, riboni yake ili pomwepo. Udzasese nalo mpaka ukalambe ngati ukufuna.

Kunja kwayera tsopano. Azakhali ako adzuka, ndawamva akutsegula chitseko cha kukhitchini. Aima pakhonde, ndipo akuitana: "Alamu! Kodi pabwalo pano pagona njovu? Alendo adutsa pati?"

Ndawayankha kuti ndikulemba, ndibwera ndikamaliza. Sindinawayankhepo chotero chikwatiwire, ndipo taona, denga silinagwe.

Lolemba, folo koloko, ndidzakhala maso. Ndidzayatsa nyali kuno, iwe uyatse kumeneko.

Ndine mayi ako,
amene anasesa mokwanira tonse awiri.